A Chulu ndi Galimoto Yoopa Njovu

A Edmund Chulu anabadwira ku Kakumbi m'chaka chimene njovu zinadya mapira onse a m'mudzi mwawo. Poti njovuzo zinkachita zimenezi chaka ndi chaka, palibe amene ankadziwa bwino zaka zawo. Kalaliki wa boma analemba 1944 pa chitupa, ndipo iwo sanatsutse.

Ntchito yawo yoyamba inali yoperekera zakudya pa kampu ina ya alendo oona nyama, kufupi ndi Chinzombo. Anagwira miyezi isanu. Sanaswepo mbale ngakhale imodzi, koma alendo ankadandaula kuti munthuyo akamawaikira supu patebulo ankawayang'ana ngati wabwera kudzanena maliro. Mwini kampu anawaitana n'kuwapempha kuti aziyesako kumwetulira. Anayesa tsiku limodzi, ndipo m'mawa mwake anawasamutsira ku galaja.

Kumeneko n'kumene mutu wawo unagwira. Makanika wamkulu wa pakampupo sankakonda kuyankhula, iwonso sankakonda kufunsa, choncho anagwirizana kwambiri. Anaphunzira injini ndi khutu. Ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuikhudzitsa pa injini, chogwirira n'kuchitsamiza kukhutu, kenako n'kutsinzina. Akatsegula maso ankanena mawu awiri kapena atatu, ndipo nthawi zambiri ankakhala olondola.

Koma kuyendetsa galimoto sanaphunzire. Anali atangoyamba kuphunzira mu 1978 pamene anatumidwa ku Chipata ndi lole kukatenga migolo ya petulo. Pobwerera, potsika phiri kulowa m'chigwa, mabuleki anakana. Woyendetsa, mnzawo wa paubwana dzina lake Silas, anaponda mpaka phazi linafika pansi, koma lole inapitirira n'kukagwera kuphompho. Silas anamwalira pomwepo. A Chulu anathyoka phewa, ndipo anakhala pambali pa mnzawoyo kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, kudikira kuti padutse munthu. Kuchokera tsiku limenelo sanakwerenso galimoto. Kulikonse ankapita pa njinga kapena pansi. Sananenepo kuti akuopa. Munthu akawaimikira galimoto pamsewu ankangoti, “Pitani, ndili ndi pena podzera,” ngakhale pamene msewu unali umodzi wokha.

Mu 1992 kampu ija inagulitsidwa. Eni ake atsopano anabwera ndi magalimoto a dizilo ndi makanika wawowawo. A Chulu anapatsidwa kalata yowathokoza ndi ovolosi yatsopano. Kalatayo anaipereka kwa akazi awo, a Judith, kuti asunge m'Baibulo, ovolosiyo n'kuvala, ndipo anakatsegula galaja yawo pansi pa mtengo wa mvunguti pafupi ndi msika wa Mfuwe. Zipatso za mvunguti n'zolemera ngati mwana wa miyezi itatu, ndipo zimagwa osachenjeza. Aliyense wobwera ndi galimoto ankamuuza kuti aimike chakum'mawa. Amene sanamvere ankaphunzira yekha.

Galimoto imene inawavutitsa kuposa zonse inali ya aphunzitsi a Kapembwa. Iwowa anali Mmambwe wa ku Mbala amene boma linawatumiza ku Mambwe, dera limene kuli Mfuwe, mwina chifukwa kalaliki wina ku Lusaka anaona kuti zikugwirizana. Ankaphunzitsa sayansi, ndipo ankakhulupirira kuti chinthu chilichonse cholembedwa m'buku munthu angathe kuchichita Loweruka masana.

Thupi la galimotoyo linali la Landirova yakale imene njovu yaikazi inaigubuduza zaka zapitazo. Inakhala nthawi yaitali pa kampu ya magemu, alonda a nyama aja, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka a Kapembwa anaigula pa okushoni. Anaikamo injini ya Datsun. Kabureta anaitenga kwina, thanki ya petulo anaidula ku mgolo, ndipo kumbuyo anakhomerako mabenchi awiri amene tchalitchi china chinataya. Ntchitoyi inawatengera zaka ziwiri. Tsiku limene inalira koyamba, ana a sukulu anaithamangira mpaka pamlatho, ndipo ena anaipitirira.

Komabe inkayenda, ndipo anthu anayamba kuidalira. Inkanyamula timu ya mpira ya pasukulu, matumba a thonje, mabokosi a maliro. Kuposa zonse inkathandiza a Nasilele, namwino wa ku Mongu amene ankagwira ntchito pa kachipatala ka m'deralo. Wodwala akafunika kupita ku chipatala chachikulu cha mishoni, a Nasilele ankatumiza uthenga kusukulu, aphunzitsi n'kusiya choko.

Mu Juni 1997 galimotoyo inayamba kudwala. Ikamathamanga inkaoneka bwinobwino, koma ikaima injini ikulira, inkanjenjemera ngati munthu wa malungo. Inkaphonya kugunda kumodzi, zimene amakanika amati kumisa, kenako n'kutsokomola, nthawi zina n'kuzimiratu.

A Kapembwa anafika pa mvunguti ndi buku m'khwapa.

“Mwaswera bwanji, a Chulu?”

“Taswera, aphunzitsi. Imikani chakum'mawa.”

“Malinga ndi bukuli, pali zinthu twente-wanu zimene zingachititse vutoli.”

“Isiyeni ilire.”

A Chulu anatsegula boneti n'kuyamba kuzula mawaya a mapulagi, imodziimodzi. Atazula yoyamba, injini inafooka. Yachiwiri chimodzimodzi, yachitatu chimodzimodzi. Atazula ya namba folo, kulira kwa injini sikunasinthe kwenikweni. Apo anadziwa kuti silinda imeneyo inkangotsagana ndi zinzake, ntchito osagwira. Anamasula pulagi yake n'kuiyang'ana padzuwa. Zinzake zinali zofiirira ngati buledi, koma iyo inali yotuwa ngati phulusa. Anaika ina, anapala mapointi otumiza moto ku mapulagi, ndipo injini inakhalako bwino pang'ono.

Patapita masiku awiri galimoto inabweranso ikunjenjemera.

Ulendo uno anaphwasula kabureta. Tizidutswa take anatiyala m'lichero la a Judith, limene analitenga kunyumba osapempha. Anapezamo mchenga pang'ono ndi nyerere imodzi. Anauzira timabowo tonse ndi pakamwa, anasefa petulo ndi nsalu, n'kubwezera zonse m'malo mwake. Sabata isanathe galimoto inabweranso. Anatseka bowo la pulagi ndi chala kuti amve mphamvu ya silinda, ndipo chalacho chinakankhidwa bwinobwino. Anasintha mpata wa mavavu. Anadula gasiketi yatsopano pa chikuto cha buku lakale la sayansi limene aphunzitsi anapereka ndi chisoni. Pansi pa mvunguti injini inkangophonya mwa apo ndi apo, mokwanira kuwanyoza. Ikapita kumsewu inkabwera ndi mbiri yoipa.

Pa msika anthu anali atapeza kale yankho. Galimotoyo, iwo ankatero, inkaopa njovu. Kawiri konse inazima pamsewu wa ku Kakumbi njovu zikudutsa, ndipo amene anali m'mabenchi anaona ndi maso awo kuti inayamba kunjenjemera njovu zitangotulukira. Panalibe chodabwitsa. Chinthu chimene chinagubuduzidwapo ndi njovu sichingaiwale. Ena ankawalangiza aphunzitsi kuti aifukize ndowe za njovu. A Chulu akamva zimenezi ankangopitiriza kupukuta sipanala.

Tsiku lina m'mawa kunabwera a Nasilele okha, wapansi, atavala yunifolomu yawo yoyera. Sanakhale pa tayala limene a Chulu anawalozera.

“Dzulo masana tinanyamula mayi wapakati,” anatero. “Mwana anagona mopingasa, ndiye ndinati tithamangire ku mishoni. Pa mitengo ya masau paja tinapeza njovu seveni. Galimoto inazima. Tinakhala pamenepo maola awiri.”

“Nanga mayiyo?”

“Anachirira pa benchi. Mwana ndinamutembenuza ndekha, aphunzitsi atayang'ana kutsogolo n'kumapemphera m'Chimambwe. Onse ali moyo. Koma sindikufuna kuchitanso zimenezo.”

A Chulu anayang'ana pansi. Ananena kuti mapulagi anaona, kabureta anatsuka, mavavu anakonza.

“Ife kuchipatala timafunsa wodwala kuti kupwetekako kumabwera nthawi yanji,” anatero a Nasilele. “Inu munafunsa?”

“Galimoto siyankha, a Sisita.”

“Ndiyankha ine. Imanjenjemera pa njovu. Imanjenjemera pa kamtsinje kaja tikamatsika pang'onopang'ono. Imanjenjemera pa chipata cha magemu tikamadikira kuti atsegule. Koma pano pa mtengo wanu imakhala ngati mwana wabwino. Mufunika mukwere mudzionere nokha.”

“Ine sindikwera.”

“Ndinamva. Ndiye muzichiritsa munthu amene simunamuonepo akudwala.”

Anatsanzika mwaulemu n'kubwerera ku ntchito.

Madzulo a tsikulo a Chulu anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. A Judith anali pakhonde akusenda nyemba m'mbale, poti lichero linali likununkhabe petulo.

“Amake Brenda, jekete langa la kutchalitchi lili kuti?”

“Kwagwa maliro?”

“Ayi. Mawa ndikukwera galimoto ya aphunzitsi.”

A Judith anasiya kusenda. Anali atakhala nawo zaka makumi atatu, ndipo ndi iwo amene ankawasambitsa pamene phewa linali lothyoka. Analowa m'nyumba n'kutulutsa jeketelo ndi simbi yositira.

“Musadye zambiri m'mawa,” anatero.

Ananyamuka sikisi koloko, nthawi imene njovu zimachoka m'minda kubwerera kumtsinje. Kunkazizira, koma asanafike n'komwe pamsika malaya a a Chulu anali atanyowa kumsana. Anakhala kutsogolo, dzanja limodzi litagwira chitseko, lina litagwira bondo. A Kapembwa anayamba kufotokoza za chinthu cha namba fotini m'buku muja.

“Aphunzitsi, ndikumvetsera injini.”

Kunena zoona sankamva injini. Ankamva mtima wawo, ndi mitengo imene inkadutsa mofulumira kuposa mmene mitengo iyenera kudutsira. Anatsinzina. Atatsinzina, khutu linayamba kugwira ntchito yake lokha. Injini inkayenda bwino. Masilinda onse anayi ankakoka.

Pa mitengo ya masau, njovu zinalipo. Zinali zisanu ndi mwana mmodzi, ndipo yaikulu inaima pakati pa msewu ikutola zipatso zakugwa, chimodzichimodzi, ngati mayi wosankha mpunga. A Kapembwa anaimika galimoto patali ndithu. Nthawi yomweyo injini inayamba kunjenjemera. Chiwongolero chinkagwedezeka, mabenchi ankalira kumbuyo, ndipo ekisozi inkatsokomola.

“Mwaona?” ananong'oneza aphunzitsi. “Ine ndine munthu wa sayansi, a Chulu, koma izi zimachitika nthawi zonse.”

A Chulu sanayang'ane njovu. M'kati mwa phokoso lonselo munali kaphokoso kena kakang'ono, kofanana ndi mpweya wotuluka m'chubu cha njinga. Poyamba anaganiza kuti ndi aphunzitsi akupuma. Anawerama n'kupeza kuti kakuchokera pansi, kumapazi. Phazi la a Kapembwa linali litakanikiza chopondera mabuleki mwamphamvu zonse.

“Chotsani phazi.”

“Tigunda njovu.”

“Pano n'pathyathyathya. Kokani handibuleki.”

“Handibuleki ndi njerwa ili kumbuyoko.”

“Chotsani phazi basi.”

A Kapembwa anachotsa. Galimoto sinasunthe. Kaphokoso kaja kanachepa, ndipo injini inadekha n'kumangophonya mwa apo ndi apo, monga inkachitira pansi pa mvunguti.

“Pondani.”

Inayambanso kunjenjemera.

“Chotsani. Pondani. Chotsaninso.”

Anachita zimenezi kasanu ndi kamodzi. Njovu yaikulu ija inatukula mutu, inatambasula makutu, n'kuyang'ana galimoto imene inkadwala ndi kuchira mosinthanasinthana. Inaoneka kuti sinapeze chochita nayo. Inamaliza masau ake n'kutsatira zinzake kuthengo.

Zitapita, a Chulu anatsika n'kutsegula boneti. Kumbuyo kwa injini, pafupi ndi silinda ya namba folo, panali payipi ya labala yotuluka pa njira imene mpweya ndi petulo zimalowera. Anaitsatira ndi chala mpaka pa kachitini kakuda kozungulira, komangidwa kuseri kwa chopondera mabuleki. Anatulutsa pulayala m'thumba la jekete n'kufinya payipiyo. Injini inasalala nthawi yomweyo, n'kumalira ngati makina osokera.

“Ichi munaika liti?”

“Pa holide ya Epulo. Ndi sevo, yofewetsa mabuleki. Ndinaichotsa pa galimoto ina yakufa ku Chipata.”

“Simunandiuze.”

“Ndi za mabuleki, a Chulu, si za injini.”

A Chulu anafotokoza pang'onopang'ono. Kachitiniko kamagwira ntchito ndi mphamvu yoyamwa ya injini, ndipo m'kati mwake muli labala yopyapyala. Labalayo inali itang'ambika. Munthu akaponda mabuleki, mng'alu unkatseguka, injini n'kumayamwa mpweya wopanda petulo, ndipo silinda yoyandikira, ya namba folo, ndiyo inkadya mpweyawo. N'chifukwa chake pulagi yake inatuwa. Pa njovu munthu amaponda mabuleki nthawi yaitali, ndipo amaponda ndi mtima wonse.

A Kapembwa anatsegula buku lawo n'kuyendetsa chala mpaka pansi pa tsamba.

“Namba twente,” anatero mwakachetechete. “Tikanafikapo.”

A Chulu anayang'ananso payipiyo. Payipi imeneyo anali ataiona katatu konse pansi pa mvunguti. Katatu konse maso awo anaitsatira mpaka pamene inakhotera ku mabuleki, n'kubwerera. Ankadziwa kuti chifukwa chake chinali lole ya Silas ija, ndipo sanaone kuti n'kofunika kuwauza aphunzitsi. Anapita m'mbali mwa msewu, anathyola kanthambi ka tsanya, anakasema ndi mpeni, n'kutsekera payipiyo.

“Tsopano mabuleki alimba ngati kale. Muziponda ndi mapazi awiri. Tiyeni.”

“Mukwera?”

“Ndikufuna ndiimve pa kamtsinje.”

Pa kamtsinje sinanjenjemere. Pa chipata cha magemu sinanjenjemere. Atafika pa mvunguti a Chulu anatsika n'kuyenda mapazi atatu okha. Anakhala pa tayala pafupifupi theka la ola, jekete lili m'thupi. A Judith, amene anali atabwera kumsika m'mawa umenewo popanda chogula, anawabweretsera madzi m'kapu n'kuima pambali mpaka anamaliza kumwa.

Sabata yotsatira anaphwasula kachitini kaja n'kudula labala yatsopano pa chubu cha thalakitala. Anadula katatu isanakwane bwino. A Nasilele anabwera kudzaona, anaponda okha chopondera mabuleki injini ikulira, anamvetsera, n'kunena kuti wodwalayo angathe kutuluka.

Pa msika nkhani inayenda mwa njira yake. Anthu anamva kuti a Chulu anapita ndi galimoto pamaso pa njovu, atavala jekete, n'kuikamo kamtengo kolimbitsa mtima. Madalaivala a maminibasi a ku Chipata anayamba kubwera kudzapempha kamtengo kotero. A Chulu ankawakhazika pansi, ankajambula injini pamchenga, n'kufotokoza za mpweya ndi petulo kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Madalaivalawo ankamvetsera mwaulemu, ankavomera ndi mutu, kenako n'kufunsa ngati kamtengoko kayenera kuthyoledwa m'mawa kapena madzulo.

Kumayambiriro kwa 1999 a Kapembwa anasamutsidwira ku Luapula. Anapakira katundu yense pa mabenchi, mbuzi ziwiri pamwamba, n'kunyamuka. Anthu ambiri ankati sadutsa Chipata. Patapita miyezi itatu kunabwera kalata yamasamba anayi. A Chulu maso anali atayamba kuchita khungu pa zilembo zing'onozing'ono, choncho a Judith ndiwo anawerenga, atakhala pakhonde Lamlungu masana.

Aphunzitsi anafika bwino, patatha masiku naini. Anakwatira. Nsomba kumeneko n'zambiri koma anthu sadziwa kuphika mbewa. Tsamba lachitatu lonse linali la phokoso latsopano limene galimoto inayamba, ndipo analilemba mosamala monga linkamvekera.

“Akuti imati kwe-kwe-kwe-du,” anawerenga a Judith. “Kenako kwe-kwe-kwe-du.”

“Bwerezani. Musathamange.”

A Judith anabwereza.

“Du ameneyo ali ndi mzere pansi?”

“Ali ndi mizere iwiri.”

A Chulu anawauza kuti atenge pepala ndi cholembera.

“Lembani kuti: Aphunzitsi, mangitsani chitsulo chogwira ekisozi, chamasuka kumbuyo. Musaikemo china chilichonse chatsopano. Moni kwa amayi.”

“Basi?”

“Onjezani kuti mvula kuno yagwa bwino.”